Wometa Amene Analetsa Anthu Kumeta

Mwana wanga wachiwiri ndi wometa anthu. Bambo ake, malemu amuna anga, anali oyendetsa basi, ndipo ine mayi wake ndinakalambira pa ntchito yochapa ndi kusita nsalu za m'chipatala mpaka manja anayamba kukana. Iyeyo ali ndi ana atatu. Wamkulu ndi namwino, wotsiriza akadali pasukulu, ndipo wapakati, mnyamata yekhayo, ndi amene amasewera ragibi, uja anthu amamutcha Chipupa. Mwana wangayo nayenso dzina lake lenileni linatsala pakamwa panga ndekha. Mumsewu monse amangoti Chimkuza, chifukwa pamene ali iye sipafunika chimkuzamawu. Ali khanda ndikapita naye kukabayitsa katemera, anamwino ankandipempha kuti ndikamutonthozere panja, odwala agone.

Malo ake ometera ndi kachipinda kamodzi pakati pa bucha ndi shopu yokonza mafoni. Muli mpando umodzi wachitsulo umene anaupeza kwa dokotala wa mano amene ankasiya ntchito, galasi long'aluka pakona, mabenchi awiri, botolo la sipiriti, ndi msomali wopachikapo mashini. Pakhoma pali zithunzi za timu zaka ndi zaka, zina zinachita kuyera ndi dzuwa. Ine ndimakhala kuseri kwa msewu womwewo, ndipo adokotala atandiuza kuti ndiziwongola miyendo, ndinazolowera kupita kukakhala pakhomo pake pampando wa pulasitiki. Choncho zimene ndikulembazi sindinachite kumva kwa anthu.

Ragibi ndinaiphunzira ndili kale ndi imvi. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, amauponyera m'mbuyo pamene akufuna kupita kutsogolo, ndipo nthawi zina amuna akuluakulu amagwirana m'chiuno, n'kuweramitsa mitu, n'kumakankhana ngati ng'ombe. Kukankhanako amati sikiramu, ndipo mdzukulu wanga amakhala kutsogolo kwenikweni, pamene mitu imakumana. Bambo ake sanasewereko, thupi linawamana, koma palibe munthu amene anaipatsa timu imeneyi mtima ngati iye. Anayamba kuchemerera akadali mnyamata, timu ikusewera pabwalo lopanda ngakhale mpanda. Nyimbo zonse za pakona ya ochemerera amayambitsa ndi iye. Lolemba lililonse anthu ankadzaza mabenchi ake aja kudzaweruza masewero a Loweruka, ndipo mlandu unkatha iye akalankhula.

Chinthu chimodzi ndicho ankanyadira kuposa zonsezi. Chibadwire, mutu wa Chipupa sunagwidwepo ndi wometa wina. Tsitsi lake loyamba anameta ndi bambo ake, mwanayo ali pamiyendo panga. Atakula n'kulowa mu timu, Lachisanu lililonse ankabwera kudzakhala pampando wachitsulo uja, mpandowo n'kulira ndi kulemera kwake, ndipo bambo ake ankamumeta mpala kuti mdani asapeze pogwira komanso kuti tepi yomangira makutu igwire bwino. Ankameta pang'onopang'ono, uku akupereka malangizo a munthu amene sanalowepo mu sikiramu, mwanayo akungoti, "Eya bambo, ndamva bambo." Anthu apabenchi ankadikira osadandaula. "Mutu uwu ndimaudziwa kuposa mwiniwake," ankatero Chimkuza. "Tsiku limene dzanja lina lidzaugwire, mudzadziwe kuti ine ndafa."

Tsopano ndinene za enawo, poti nkhani siyenda popanda iwo. Mpongozi wanga, mkazi wa Chimkuza, ndi mwana wabwino, ndilibe naye mawu. Koma ali ndi mchimwene wake, malume a Chipupa, amene anatsegula saluni kutsidya kwa msewu womwewo, moyang'anana ndi mwana wanga, ngati kuti misewu inatha m'dziko. Chitseko chagalasi, mipando yofewa yozungulira, madzi ofunda otsukira kumutu, kanema wamkulu pakhoma, ndiponso atsikana oluka tsitsi la amayi kuchipinda cham'kati. Munthu ameneyu sankadziwa n'komwe kuti mpira wa ragibi ndi wozungulira kapena wamakona. Koma mphwake atangolowa m'timu yaikulu, anasanduka katswiri. Anamugulira nsapato. Dzina la saluni yake linasokedwa pa makabudula a timu. Mayi ake, asewele anga, anapatsidwa mpando pamthunzi, pafupi ndi akuluakulu, pamene ine ndimakhala padzuwa ndi ambulera kumbuyo kwa mwana wanga. Ndipo ali pamthunzipo amauza aliyense kuti mapewa a Chipupa ndi akwawo. Akwawo ati? Onse kumeneko mapewa awo ali ngati hang'ala ya waya. Mapewa amenewo ndi a malemu amuna anga, amene ankatembenuza chiwongolero cha basi ndi dzanja limodzi. Wina akafuna kunena kuti ndi nsanje anene. Ine ndikudziwa amene anachapa matewera.

Chaka chino ligi isanayambe, timu inasewera masewero oyeserera monga mwa nthawi zonse. Amenewa sawerengedwa, ndi ongochotsera dzimbiri. Koma anyamata anabwerako kutchuthi atanenepa m'malo olakwika, mphunzitsi anali watsopano, ndipo masewero oyamba anagonja. Achiwiri anagonja moti wolemba zigoli pabolodi anatopa kukwera makwerero.

Lolemba lake m'babashopu munatentha. Wabucha, woyandikana nafe uja, analowa ndi epuloni yake osavula.

"Ine ndimadziwa nyama," anatero. "Imene ndinaona pabwalo ija ndi ya mafuta okhaokha. Bwenzi nditabweza."

"Inu a bucha, ndi zoyeserera izi," anayankha a Dazi, mkulu wina wokonza mawotchi amene mutu wake unasiya kumera tsitsi kalekale koma sajomba m'babashopu. "Munthu poyesa suti kwa telala sakwatira tsiku lomwelo."

"Mmera mpoyamba, achimwene. Mwaona mmene ankaponyerana mpira? Ngati akupatsirana mbale yotentha."

"Vuto ndi mphunzitsi," anatero wina. "Munthu wobwera pabwalo ndi kompyuta. Sikiramu imakankhidwa ndi kompyuta?"

"Vuto ndi majezi atsopanowa. Akale aja anali ndi kolala, munthu ankaoneka kuti wabwera kuntchito."

"Nanga makabudula?" anatero Chimkuza, osatembenuka, akumeta munthu. "Chilembereni mawu ena ake kumbuyo kwa makabudula, anyamata akuthamanga ngati anyamula katundu."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kochepa, chifukwa anthunso anali ochepa. Benchi yachiwiri inali yopanda munthu. Ndili pakhomo ndinkaona bwinobwino kumene anali: kutsidya, kuseri kwa chitseko chagalasi, atakhala pa mipando yofewa, akuonera masewero omwewo pa kanema, malume aja akuimitsa chithunzi n'kumaloza ndi chipeso. Anthu amene mwana wanga anawaphunzitsa nyimbo. Ena anawameta ali ana, akulira. Mwana wanga ankawaona kudzera m'galasi lake long'aluka lija, ndipo tsiku limenelo anamutema khutu munthu, chinthu chimene sachita.

Loweruka lotsatira anagonjanso. Woyimbira atangoliza wezulo yomaliza, anthu akuyamba kutukwana, Chimkuza anakwera pabenchi. Sanandiuze, sanauze mkazi wake. Anangotsegula kukamwa, bwalo lonse n'kukhala chete.

"Abale anga, timu ikavutika tonse tivutike. Kuyambira lero, wochemerera weniweni asamete. Tsitsi, ndevu, zonse zikhale, mpaka anyamata apambane. Tsiku limene adzapambane ndidzabweretsa mpando wanga pageti apa, ndipo ndidzameta aliyense ulere. Woyamba kukhala pampandopo adzakhala mwana wanga."

Bwalo linagwedezeka. A Dazi ndiwo analumbira mokweza kuposa onse, dzanja lili pamutu. Osewera nawonso atamva anati alowa nawo. Tsiku limenelo anthu anamunyamula mwana wanga m'mwamba, ndipo ine ndinayang'ana kumthunzi kuja kuti ndione nkhope ya asewele. Ndisaname, mtima wanga unakhala pansi.

Pobwerera ndinamufunsa kuti, "Iwe, wometa n'kuletsa anthu kumeta? Udya nyimbo?"

"Amayi, Loweruka likubwerali tikusewera ndi ana asukulu. Amenewo ngakhale inu mukhoza kuwakankha. Ndi sabata imodzi yokha." Kenaka anatsitsa mawu, monga mmene iye amatsitsira, moti anamva ndi anthu a mbali imodzi yokha ya msewu. "Komanso ine ndili ndekha ndi mpando umodzi. Alamu ali ndi antchito, magetsi, madzi ofunda aja. Tione amene ayambe kulira."

Apa ndi pamene mwana wanga anaphonya. Anawerenga mitu ya amuna, n'kuiwala kuti kuchipinda cham'kati kwa alamu ake kumalowa akazi, ndipo akazi sanalumbire kanthu. Ana asukulu aja, owonda ngati nsungwi, ankathamanga mozungulira anyamata athu mpaka anapambana. Sabata inasanduka masabata. Kutsidya atsikana ankaluka tsitsi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo malume aja anaika ndevu zawo m'mafuta onunkhira, n'kuyamba kugulitsa mafutawo kwa ochemerera amene zibwano zinkawayabwa. Kwa mwana wanga anthu anabwerera ndithu, mabenchi onse awiri anadzaza, ena kuimirira, poti iye ndiye anali mwini lumbiro. Koma mashini anali pamsomali. Chipinda chodzaza amuna anyankhalala akukanda m'zibwano, wometa atakhala pampando wake womwe, manja ali pamiyendo.

"Akazi anga akuti ndikagone kubucha," ankadandaula Wabucha. "Akuti anakwatiwa ndi munthu, osati tsache."

"Pirirani, achimwene," ankatero a Dazi. "Onani ine, sindikudandaula."

"Inu mukhale chete. Mwalumbira kusala chakudya chimene mulibe."

"Kodi kungochepetsa m'mbali muno ndi kumetanso?" anafunsa wina, woyendetsa takisi. "Makasitomala akumaona nkhope yanga n'kunena kuti adikira ina."

"Lumo ndi lumo," anayankha Chimkuza. Anakana ngakhale anthu amene sadziwa za ragibi, poopa kuti wina angamve kulira kwa mashini n'kunena kuti mwini lumbiro akumeta mobisa. Mpongozi wanga anayamba kuyankhula ndi mapoto m'khitchini. Ine ndinkabweretsa tiyi ndi buledi, n'kumanena kuti ndaphika wambiri mwangozi.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinali Lachisanu. Chipupa ankabwerabe, mwachizolowezi, koma panalibe chometa. Ankakhala pabenchi ngati mlendo, bambo ake n'kuyamba malangizo aja, koma popanda mashini kulira, malangizowo ankamveka ngati kukalipa, anthu onse akumvetsera. Mwanayo anayamba kufika mochedwa n'kuchoka msanga.

Pamene timu inkapitiriza kugonja, kuyabwa kwa ndevu kunasanduka mkwiyo. Poyamba anthu ankatukwana mphunzitsi ndi woyimbira. Kenaka anayamba kutchula osewera mmodzimmodzi. Ndipo Loweruka lina, lotentha kwambiri, sikiramu yathu inayamba kugwa, ndipo inkagwera mbali ya Chipupa. Ine ndikunena kuti mdani wake ankamukoka ndevu, ndinaona ndi maso angawa, ndiponso tepi ya m'makutu inkaterereka pa tsitsi lija. Koma woyimbira sanaone. Itagwa kachitatu anatulutsa khadi lachikasu, kutanthauza kuti mwana akakhale panja kwa kanthawi, anzake atsale operewera.

Akuyenda kupita kubenchi, mutu uli pansi, Wabucha anayambitsa kanyimbo konyoza, koti chipupa chathu n'chadothi, chagwa mvula isanabwere. Anthu angapo anavomera, koma nyimbo inkayenda motsimphina, chifukwa pakona imeneyo nyimbo siima mwana wanga asanaigwire. Maso onse anatembenukira kwa iye. Wina kumbuyo anati, "Lero atseka pakamwa poti ndi wawo. Akanakhala mwana wa wina bwenzi titagontha." Winanso anati, "Tiyeni tikakhale kwa a saluni, kumeneko kulibe tsankho."

Ndinali kumbuyo kwake. Ndinaona khosi lake likutuluka thukuta. Ndinafuna kumukoka malaya, koma dzanja limodzi linali ndi ambulera, linalo ndi ndodo, ndipo ndisanasankhe choti ndisiye, anali atatsegula kale kukamwa. Anaimba ndime imodzi yokha. Ndikubwereza, imodzi yokha, chifukwa pali anthu amene akufalitsa kuti anaimba mpaka mapeto. Koma mawu a mwana wanga si obisika. Chipupa anaima pamzere, natembenuka, nayang'ana pakona pathu. Sanachite kufufuza. Mawu amenewo ndi amene ankamuimbira ali khanda kuti agone.

Ndiye kumthunzi kuja kunaimirira munthu. Anali malume aja. Anavula chipewa n'kumachigwedeza, akukuwa ndi timawu tawo tating'ono ngati ta wezulo yothyoka: "Musiyeni mwanayo. Manyazi mulibe? Musiyeni." Anthu ochepa okha ndi amene anamva, koma Chipupa anaona. Asewele anatembenuka pampando wawo, n'kundiyang'ana ine, kudutsa bwalo lonse. Ndakhala ndi moyo nthawi yaitali, ndaikapo mwamuna m'manda, koma kuyang'ana kumeneko sindinakumezebe. Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu amene anayenera kutuluka kumbali yathu anatuluka kumbali yawo. Munthu wongofika dzulo, wosadziwa ngakhale chifukwa chimene sikiramu imagwera, n'kukhala iye woimira magazi anga.

Lachisanu lotsatira Chipupa sanabwere. Bambo ake anasesa m'chipinda mopanda tsitsi, napukuta galasi, nasuzumira mumsewu kangapo. Ine ndinamuona mdzukulu wanga akulowa pa chitseko chagalasi chija, koma sindinanene. Mwana wanga nayenso ndikudziwa kuti anaona.

"Upite ukalankhule naye," ndinatero.

"Ndi zamasewero, amayi. Wosewera amanyozedwa, ndi mmene amakhwimira. Akudziwa kuti sizinachokere mumtima."

"Zinachokera kuti nanga? M'thumba?"

Anatenga kabulashi n'kuyamba kutsuka mashini oyera kale.

Masewero omaliza oyeserera anapambana. Sanapambane mokongola, koma sikiramu inaima nji, ndipo Chipupa anakankha mdani wake mpaka kumukhazika pansi ngati mwana wolangidwa. Anthu analira misozi m'ndevu. Mwana wanga anali atakonzeka, monga ankachitira Loweruka lililonse chilumbirire. Mpando wachitsulo uja unali pageti, atabwera nawo pa wilibala, chingwe cha magetsi atachikoka kuchokera m'kanyumba ka mlonda. Anavala gawuni yake yoyera, ndinamusitira ndine. Mzere wa amuna unafika mpaka kumsewu. Wabucha anali kutsogolo, atamasula kale mabatani a kolala.

"Dikirani, achimwene," anatero Chimkuza. "Ndinanena woyamba."

Anakutumula nsalu yofunditsa pakhosi, naigwira ndi manja awiri, maso ali pakhomo la chipinda chosinthira. Osewera anayamba kutuluka, anthu akuwaombera m'manja. Chipupa anatuluka pomalizira, chikwama paphewa, tsitsi lili ngati chisa. Anthu anapatuka kumupatsa njira yopita kumpando, ena akuimba dzina lake, omwe aja anaimba zadothi. Anafika pafupi. Anandiona, nawerama pang'ono.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Ndaswera, amuna anga. Mwakankha ngati agogo anu aamuna lero."

Anamwetulira pang'ono. Kenaka anayang'ana bambo ake. Anaima pamenepo ndithu, nthawi yokwanira munthu kunena mawu amodzi. Mwana wanga, amene sanasowepo chonena chibadwire, anangogwedeza nsalu ija n'kunena kuti, "Khala, anthu akudikira."

Chipupa anakonza lamba wa chikwama, nadutsa. Galimoto ya malume ake inali chapafupi, asewele ali kutsogolo. Analowa kumbuyo, chitseko n'kutsekeka.

Kenaka Wabucha anakhosomola. "Chabwino, zapabanja n'zapabanja. Yambani ndi ine."

"Ndinati woyamba ndi mwana wanga."

"Mwana wanu wapita, achimwene."

"Abwera."

"Iwe," ndinamunong'oneza, "meta anthuwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Koma ndimamudziwa, ndi wanga. Anatengera bambo ake, amene ankatha kuimitsa basi yodzaza kudikira munthu mmodzi amene anamulonjeza. Anaima ndi nsalu ija, mashini osayatsa. Mzere unayamba kutha chakumbuyo, mmodzimmodzi, mwakachetechete ngati anthu othawa pamaliro. Onse ankalowera kumodzi. Madzulo amenewo kusaluni kuja anthu anachita kukhala pansi pakhonde, anyamata a malume aja akumeta mpaka mikono kuwawa, ndipo sikunali kwaulere. Munda analima mwana wanga, wokolola n'kukhala wina. Pageti panatsala ine, iye, ndi a Dazi, amene anamuthandiza kukweza mpando pa wilibala.

Ndinagona ndi mtima umodzi wokha: kuti mutu uja wapita. Ndinkaona asewele atakhala pa mpando wofewa, akuonerera dzanja la mwana wawo likuyenda pamene panayenda dzanja la mwana wanga yekha.

Mawa lake, Lamulungu masana, ndinamva kugogoda. Anali Chipupa, atavala chipewa chaubweya ngakhale kunkatentha. Ndevu zinalibe. Chibwano chonse chinali timabala, pena atamatapo tipepala.

"Ndiye ndi ntchito ya kusaluni imeneyi?" ndinafunsa. "Ndi madzi ofunda omwe aja?"

"Ndameta ndekha, agogo. Ndi lezala, m'bafa. Kuntchito anandiuza kuti ndevu zisafike Lolemba."

"Amalume ako anali otanganidwa?"

"Anandikhazika pampando dzulo. Anandifunditsa nsalu, anayatsa mashini." Anavula chipewa. Tsitsi lonse linali pomwepo, losagwidwa. "Ndinawauza kuti mutu ukundipweteka."

Ndinapita kukhitchini kukaika madzi pamoto, kuti asaone nkhope yanga. Ndili komweko ndinaimbira foni bambo ake, kuwauza kuti mpope wanga ukudontha. Anafika posakhalitsa, ndi kachikwama kakuda m'manja. Mpope sukonzedwa ndi zimene zinali m'kachikwamako: chingwe cha mashini chinkalendewera pazipi. Ndiye kuti mkazi wake anali atamuuza kumene mwana wapita.

Anakhala moyang'anana patebulo langa laling'ono, wina tsitsi lili ngati chisa, wina ndevu zafika pachifuwa, poti mwana wanga sanadzimetebe. Ndinathira tiyi.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Chibwanocho wachita ndi chiyani, khasu?"

"Lezala."

"Umameta motsata kumene ndevu zikulowera, osati mobwerera. Ndinakuuza kangati?"

"Eya, bambo."

"Dzulo unakankha bwino. Phazi lakumanzere linali pamalo pake."

"Zikomo, bambo."

Chipupa anaika manja patebulo, akuyang'ana bambo ake, chimodzimodzi ngati pageti paja. Bambo ake anayang'ana tsitsi lija, zala zikuyenda zokha pa zipi ya kachikwama. Ndinatuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume, kuti ndiwapatse mpata. Nditabwerera ndinapeza akukambirana za mphunzitsi ndi kompyuta yake, kachikwama kali kotseka.

Mnyamata atatsanzika, atavalanso chipewa chake, ndinamugwira mwana wanga pakhonde.

"Ukudikira chiyani? Mawu opepesa ndi aafupi. Ngakhale mwana wa chaka amatha kuwanena."

"Akudziwa kale, amayi."

"Kudziwa ndi kumva n'zosiyana. Nyimbo ija anaimva. Izinso azimve."

"Nanga iye? Anandisiya ndi nsalu m'manja pamaso pa bwalo lonse. Ine, bambo wake."

"Wayamba ndani?"

Anayang'ana kumbali. "Abwere akhale pampando. Ndikamameta ndidzanena. Ine ndimatha kulankhula naye ndili kumbuyo kwake."

Ndinakafikitsa uthengawo kwa mdzukulu wanga. Anati, "Anene kaye, agogo, akundiyang'ana kumaso. Ndikatero ndikhala."

Ligi inayamba, ndipo timu ikuchita bwino ndithu. Mashini a mwana wanga anayambanso kulira, anthu ena anabwerera, ngakhale Wabucha, amene ndimamuyankha moni ndi mphuno. Nyimbo pakona akuyambitsabe ndi iye, koma ndaona kuti sikiramu ikamakonzedwa amakhala chete mpaka ithe. Chipupa amamanga tsitsi lake ndi tepi yambirimbiri, ndipo adani amalikoka, ndimaona. Sabata yatha asewele anandipeza pageti, n'kundifunsa mokoma kuti kodi mwana ameneyu akhala choncho mpaka liti, pamene amalume ake ali ndi mipando yongokhala. Ndinawayankha kuti mutuwo uli ndi mwiniwake, ndipo mwiniwake akudziwa tsiku lake.

Koma tsikulo sindilidziwa, ndipo miyendo yanga ikunka ifooka. Wina ali ndi mawu a mnzake, winayo ali ndi mutu wa mnzake, ndipo aliyense akuti ayambe kubweza ndi winayo. Lachisanu likubwerali ndawauza onse awiri kuti mpope wayambanso kudontha.